Radiyesheni ya khansa ya m'mawere: zimene thupi limakumana nazo ndi mmene mungapiririre mpaka kumapeto

Mayi akauzidwa kuti pambuyo pa opaleshoni ya bere akufunikanso radiyesheni, mantha ake ambiri amakhala pa makina. Amaganiza za moto, za ululu, za chipinda chimene anthu onse amatulukamo n'kumusiya yekha. Chonsecho mphindi zogona pansi pa makinawo ndiye zosavuta pa zonse, chifukwa cheza chimene makinawo amalowetsa m'thupi sichioneka ndipo sichipweteka polowa. Zovuta zake zimabwera mwakachetechete, zimaunjikana tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri zimafika pachimake munthu atamaliza kale chithandizo. Amene wadziwiratu kayendedwe kameneka sagwa mphwayi pakatikati, komanso sachita mantha zinthu zikamaipiraipira panthawi imene ankayembekezera kuti wapuma.

Chotupa anachotsa kale, nanga chezachi n'chachiyani?

Dokotala wa opaleshoni amachotsa chotupa chimene akuchiona, limodzi ndi mnofu pang'ono wozungulira. Koma selo la khansa ndi laling'ono zedi, ndipo angapo akhoza kutsalira m'bere, pachifuwa kapena m'khwapa osaoneka pa sikani ya mtundu uliwonse. Radiyesheni imalondola otsalawo. Ndi cheza cha mtundu womwe uja amajambulira mafupa, koma champhamvu kuwirikiza kambirimbiri, chochokera m'makina otchedwa linear accelerator. Chikalowa m'thupi chimaphwanya DNA, malangizo amene selo limatsatira pogawikana. Maselo abwinobwino nawonso amavulala, koma amatha kudzikonza m'maola ochepa. A khansa kudzikonza kwawo n'koperewera, ndiye akati agawikane amafa.

Phindu lake linayezedwa. Mu 2011 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wophatikiza zotsatira za amayi oposa 10,000 amene anachotsedwa chotupa chokha, bere n'kutsala. Mwa amayi 100 alionse amene sanalandire radiyesheni, pafupifupi 35 khansa inawabwerera m'zaka 10. Mwa amene analandira, inabwerera pafupifupi 19. N'chifukwa chake mayi amene bere lake lasungidwa nthawi zambiri amatumizidwa ku radiyesheni. Amene anachotsedwa bere lonse si onse amene amafunikira. Madokotala amaona kukula kwa chotupa, komanso ngati khansa inali itafika m'timibulu ta m'khwapa timene timasefa madzi a m'thupi, tija tikatupa timati mwanabere. Ngati pali kemo, kutanthauza mankhwala opha maselo a khansa m'thupi lonse, kawirikawiri imatsogola ndiyo, radiyesheni n'kubwera pambuyo bala litapola.

Chotopetsa ndi kupita kuchipatala tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu. Bwanji osangopereka mlingo wonse kamodzi n'kuthana nazo? Yankho linapezeka ku Paris m'zaka za m'ma 1920, pamene Claudius Regaud ndi anzake ankayesa cheza pa nkhosa zamphongo. Akapereka mlingo waukulu kamodzi kuti nkhosayo isaberekenso, khungu linkawonongeka kwambiri. Akaugawa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, cholinga chinkatheka khungu lisanaonongeke motero. Mpata wa pakati pa lero ndi mawa ndi umene maselo abwino amadzikonzera.

Mlingo wa cheza amauyeza m'ma gray. Kwa zaka zambiri chizolowezi chinali ma gray 50 m'masiku 25, kutanthauza milungu 5. Kafukufuku wa START ku Britain anasonyeza kuti ma gray 40 m'masiku 15 amagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo mu 2020 kafukufuku wa FAST-Forward anapeza kuti kwa amayi ambiri amene khansa yawo yapezeka msanga, ma gray 26 m'masiku 5 ndi okwanira. Ena amawonjezeredwa masiku ochepa olunjika penipeni pamene panali chotupa. Choncho mukamacheza ndi anzanu podikira n'kumva kuti wina anamulembera masiku 5 pamene inu anakulemberani 25, musafulumire kuganiza kuti matenda anu ndiye oopsa kapena kuti mnzanuyo akumunyalanyaza. Chachikulu ndi kumaliza masiku anuwo osadumphadumpha. Maselo a khansa amene apulumuka sadikira, mukasiya mpata wautali amayambanso kuchulukana. Tsiku limodzi lophonya chifukwa cha kudwala kapena kuwonongeka kwa makina si tsoka, achipatala amadziwa kulibwezeretsa. Koma kudzipatsa nokha mlungu wopuma chifukwa khungu layamba kuwawa, osauza aliyense, kumabwezera ntchito yonse m'mbuyo.

Tsiku lokonzekera

Ulendo woyamba si wa chithandizo ayi. Amakugonekani chagada pa bedi lolimba la makina ojambula mkati mwa thupi otchedwa CT, pachifuwa pali posavala, manja mutakweza pamwamba pa mutu n'kugwira zogwirira. Zithunzi zimene ajambule ndi zimene akatswiri amawerengera njira imene cheza chidzalowere kuti chifike pofunika koma chilambalale mtima ndi mapapo. Kuwerengerako kumatenga masiku angapo, pena mlungu kapena iwiri, ndiye musaganize kuti akuiwalani. Pakhungu amakuikani timadontho tating'ono ta inki ndi kasingano, tosafufutika. Zipatala zina zimangolemba ndi cholembera n'kumatapo kapepala koonekera mkati. Zizindikiro zimenezi ndi zimene amalunjikitsa ndi kuwala kwa laser tsiku lililonse kuti mugone ndendende mmene munagonera poyamba. Zikakhala zolemba chabe, musazikweche posamba.

Patsikuli ndi pamene vuto la phewa limaonekera. Mayi amene chichitireni opaleshoni wakhala akupanira mkono kuthupi poopa bala amavutika kuukweza n'kuusiya m'mwamba kwa mphindi 10 kapena 15. Masewera a phewa amene anakuphunzitsani kuchipatala, monga kukwawitsa zala pakhoma pang'onopang'ono mpaka pamene mwamva kukoka, muziwachita tsiku ndi tsiku musanayambe radiyesheni, ndipo musadzawasiye ngakhale mutamaliza, chifukwa cheza chimaumitsa minofu pakapita nthawi. Ngati kukweza mkono kukupweteka, nenani. Akhoza kukuuzani kuti muzimwa mankhwala opha ululu musanalowe.

Bere la kumanzere lili ndi nkhani yakeyake chifukwa mtima uli kuseri kwake. Kafukufuku wa mu 2013 wa amayi a ku Sweden ndi Denmark amene analandira radiyesheni pakati pa 1958 ndi 2001 anapeza kuti chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chimakwera molingana ndi cheza chimene chafika pamtimapo. Makina a masiku ano amalunjika bwino kuposa a nthawi imeneyo, ndipo zipatala zambiri zili ndi njira yosavuta yotetezera mtima. Mumakoka mpweya wambiri n'kuugwira kwa masekondi 20 kapena kuposerapo. Mapapo akadzaza, mtima umatalikirana ndi nthiti zakutsogolo, ndipo cheza amachitulutsa panthawi yokhayo imene mwagwira mpweya. Ngati akuuzani kuti mudzachita zimenezi, yesererani kunyumba mutagona chagada, manja m'mwamba, msana osaupinda.

M'chipinda cha chithandizo nthawi yambiri imathera pokukonzani kagonedwe. Cheza chenichenicho ndi cha mphindi zochepa. Mutu wa makina umazungulira n'kumalira, koma sukukhudzani. Akatswiri amatuluka chifukwa iwo amagwira ntchitoyi tsiku lonse, chaka chonse, koma amakuonani pa kamera ndipo amakumvani mukayankhula.

Makina akazima, cheza chathera pomwepo, sichitsalira m'thupi. Mutha kunyamula khanda, kugona bedi limodzi ndi amuna anu, kukhala pafupi ndi mayi woyembekezera. Mfundo imeneyi achibale ayenera kuimva momveka bwino, chifukwa alipo amene amayamba kutalikira wodwala ndi mantha opanda maziko, ndipo kusalidwa kotere kumapweteka kuposa khungu. Tsitsi la kumutu silithothoka ndi radiyesheni ya bere. Lothothoka ndi la m'khwapa basi, ngati chezacho chikudutsa kumeneko.

Khungu

Masiku oyambirira simuona kusintha kulikonse. Pofika mlungu wachiwiri kapena wachitatu khungu limayamba kuuma, kutentha ndi kuyabwa. Bere limatupirako n'kumalemera, ndipo pena mumamva kubaya kwadzidzidzi kumene kumatha m'kanthawi. Mabuku ambiri a zachipatala amanena za kufiira, poti analembedwa poyang'ana khungu loyera. Pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Malowo amada kuposa khungu lozungulira, pena amatuwa, ndipo mukhoza kuona mzere wowongoka pamene cheza chimalekezera. Mapeto ake namwino wotanganidwa akhoza kuponyapo diso n'kunena kuti zonse zili bwino pamene inu mukumva kuyaka. Musadikire kuti aone okha. Auzeni kuti pakutentha, pakuyabwa usiku, pakuwawa chovala chikakhudza.

Malo amene amavuta kwambiri ndi kunsi kwa bere, pamene khungu limakhudzana ndi khungu linzake, komanso m'khwapa ndi pansonga ya bere. Thukuta ndi kukhudzanako zimawonjezera pa zimene cheza chachita, makamaka kwa amayi a mawere aakulu. Madzulo aliwonse tengani kagalasi, kwezani bere ndi dzanja, muyang'ane mumpindamo. Poyamba mumaoneka monyezimira ndi moda. Kenako khungu lapamwamba likhoza kufunduka ngati timamba touma, ndipo kwa ena limasupuka n'kusiya malo aiwisi otuluka timadzi. Pakasupuka siyani kudzolapo mafuta, kaonetseni anamwino tsiku lomwelo. Ali ndi mabandeji apadera amene samatirira pabala. Kusupuka kokha si chifukwa chosiyira chithandizo, ndipo ngati pakufunika kupumira, anene zimenezo ndi dokotala.

Kale odwala ankaletsedwa kusambitsa malo olandira cheza, koma zinadzaoneka kuti kusamba sikuwononga kanthu. Sambani ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosanunkhira kwambiri, ndi dzanja, osati chinkhupule. Popukuta muzingogunditsa thaulo lofewa, osakwecha. Mafuta odzola opanda fungo yambani kudzola kuyambira tsiku loyamba, pang'ono, kangapo patsiku, koma musapake ambiri mutatsala pang'ono kulowa m'chipinda. Valani zathonje zomasuka. Kamisolo wa waya m'munsi ayambe wapuma, ndipo kansalu kofewa koika kunsi kwa bere kamathandiza kuyamwa thukuta. Mukakhala panokha, lolani mphepo ipitepo.

Lezala m'khwapa ayi. Botolo la madzi otentha, ayezi ndi pulasitala womata pakhungu, ayinso. Mafuta oletsa fungo la m'khwapa zipatala zambiri zimalola malinga khungu silinasupuke. Dzuwa lisawombe pamalopo, ndipo khungulo limakhalabe losachedwa kupsa ndi dzuwa kwa nthawi yaitali mutamaliza. Zitsamba zopaka, mafuta otentha othowera minofu ndi china chilichonse chimene wina wakutsimikizirani kuti chinamuthandiza, funsani kaye achipatala. Ndipo poti khungu limada, chiyeso cha mafuta oyeretsa khungu chimabwera. Musayerekeze. Kudako kumachepa kokha pakapita miyezi, ngakhale kwa ena kamthunzi kamatsalira.

Mphika ukaphulidwa pamoto susiya kuwira nthawi yomweyo. Khungu nalo limapitiriza kuipa kwa mlungu umodzi kapena iwiri pambuyo pa tsiku lomaliza, chifukwa maselo amene anavulala m'masiku omalizira amakhala asanafe n'kugwa, ndipo atsopano sanakwane. Kwa amene analandira masiku 5 okha, kusintha konse kukhoza kubwera ali kale kunyumba. Amayi ambiri amadzidzimuka panthawiyi, ena mpaka kuganiza kuti khansa yabwerera kapena achipatala anawawotcha mopyola muyeso. Choncho patsiku lomaliza musatuluke musanafunse kuti mukaona vuto mupite kwa ndani, ndipo ngati khungu layamba kale kusupuka pemphani mabandeji okagwiritsa ntchito kunyumba. Kwa ambiri khungu limakhala litapola pakatha mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka. Mafinya, fungo loipa, ululu wokulirakulira kapena kutentha thupi ndi zizindikiro zoti pabala palowa tizilombo, ndipo zimenezo sizidikira tsiku limene anakulemberani.

Kutopa kosatha ndi tulo

Kutopa kwa radiyesheni n'kosiyana ndi kwa munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse. Mumagona usiku wonse n'kudzuka muli chimodzimodzi. Thupi limakhala pantchito yokonza maselo, kuwonjezera apo ulendo wa tsiku ndi tsiku, nkhawa, ndi kufooka kotsalira ku opaleshoni ndi kemo. Nakonso kumakula chakumapeto, ndipo kukhoza kutenga milungu kapena miyezi kuti kuthe.

Chodabwitsa n'chakuti kugona tsiku lonse kumakulitsa kutopako. Chimene kafukufuku wasonyeza mobwerezabwereza kuti chimathandiza ndi kuyendetsa thupi. Yambani ndi kuyenda mphindi 10, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la ola ngati mungathe. Masana gonani kanthawi kochepa kuti tulo ta usiku tisasokonekere. Ntchito zofunika muzichita panthawi imene mumakhala ndi mphamvu, zina zidikire. Anthu akamati "mukafuna chithandizo munene", musangothokoza, apatseni ntchito yeniyeni. Wina achape, wina akuperekezeni Lachinayi, wina atenge ana. Mukaona kuti mukuchita befu ndi chizungulire mutayenda pang'ono, pemphani akuyezeni magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi kuli ndi mankhwala ake.

Pa zakudya palibe chinsinsi. Idyani mokwanira, zakudya zomanga thupi zisasowe, imwani madzi. Mapiritsi a mavitamini a mlingo waukulu ndi mankhwala a zitsamba muwatchule kwa dokotala musanamwe, chifukwa ena akhoza kusokoneza chithandizo. Fodya ndiye mdani weniweni pano. Amachedwetsa khungu kupola, ndipo amakweza chiopsezo cha khansa ya m'mapapo kwa munthu amene walandira cheza pachifuwa.

Mkono

Timibulu ta m'khwapa tikachotsedwa kapena kulandira cheza, madzi a mumkono amavutika kubwerera, ndipo mkono ukhoza kutupa. Zimachitikira pafupifupi mayi mmodzi mwa 5 amene anachotsedwa timibulu tambiri, ndipo zikhoza kuyamba patapita miyezi kapena zaka. Chiyambi chake n'chobisika. Mphete imayamba kuthina, mkono wa malaya umagwira mbali imodzi, mkono umangolemera. Kunena msanga n'kofunika chifukwa kutupa kongoyamba kumagonja ndi masewera, kusisita kwapadera ndi chovala chothina cha mkono, pamene kokhalitsa kumavuta. Kuugwiritsa ntchito mkonowo sikuyambitsa kutupa, malinga mukuwonjezera zolemera pang'onopang'ono. Muziuteteza ku mabala ndi kupsa, ndipo ukatupa mwadzidzidzi, kutentha ndi kuwawa, inu n'kumamva kuzizidwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Amene akulandira cheza mpaka m'munsi mwa khosi akhoza kumva kuwawa pomeza kwa milungu ingapo, ndipo patapita zaka chithokomiro chikhoza kufooka, zimene zimadziwika poyeza magazi.

Za m'nyumba ndi za mumtima

Cheza chikhoza kuvulaza mwana wosabadwa, ndiye ngati mukukayikira kuti muli ndi pakati nenani musanagone pa makina, ndipo panthawi yonse ya chithandizo muzilera. Njira zolerera za mahomoni, monga mapiritsi ndi jakisoni, sizilimbikitsidwa kwa mayi amene ali ndi khansa ya m'mawere. Makondomu ndi lupu ya kopa ndiye zoyenera kukambirana ndi achipatala. Kukhalira limodzi m'banja sikoletsedwa, ndipo khansa sipatsirana. Chofunika ndi kuuzana pamene pakuwawa. Mayi akadzabereka m'tsogolo, bere lolandira cheza limatulutsa mkaka wochepa kapena osatulutsa n'komwe, koma linalo limatha kuyamwitsa, pokhapokha ngati akumwa mankhwala oletsa mahomoni ngati tamoxifen amene salola kuyamwitsa.

Pali chinthu china chimene achibale sachiyembekezera. Tsiku lomaliza aliyense amasangalala n'kumati nkhondo yatha, koma mayi mwiniwake ndi pamene amatha kugwa mumtima. Kwa miyezi anali ndi pokhala tsiku lililonse, anthu omuyang'anira, anzake apamzere omvetsa popanda kufotokoza. Mwadzidzidzi zonsezo zatha, khungu likuwawa kuposa kale, mphamvu palibe, ndipo kaululu kalikonse kakumukumbutsa khansa. Kumeneku si kusayamika. Kucheza ndi amayi ena amene anadutsamo kumathandiza kwambiri, mwina kuposa malangizo a ife amene timangowerenga. Koma chisoni chikapitirira milungu iwiri, tulo tikamasowa, chakudya chikamakanika, imeneyo ndi nkhani yofunika kuuza dokotala ngati mmene mungamuuzire za bala. Abambo nawonso amadwala khansa ya m'mawere, pafupifupi mmodzi mwa odwala 100, ndipo iwo manyazi amawatsekera pakamwa kwambiri.

Miyezi ndi zaka zotsatira

Kachigawo ka phapo kamene kali kuseri kwa nthiti kamalandirako cheza. Kwa anthu ochepa kamatukusira pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6 atamaliza, zizindikiro zake n'kukhala chifuwa chouma, befu ndi kutentha thupi pang'ono. Zimafanana ndi chibayo kapena TB, ndiye aliyense wachipatala amene mwapitako muuzeni kuti munalandira radiyesheni pachifuwa. Kutukusiraku kumamva mankhwala a gulu la steroid.

Berelo pakapita nthawi likhoza kulimbirako, kuchepa kapena kukwera pang'ono poyerekeza ndi linzake, ndipo timitsempha ting'onoting'ono tikhoza kuonekera pakhungu. Nthiti za mbali imeneyo pena zimawawa mukazidina. Khansa ina yatsopano yobwera chifukwa cha cheza imachitika, koma mwa apo ndi apo, ndipo chiopsezo chake n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi cha khansa yoyambayo ikabwerera. Zolowerani mmene bere lanu likumvekera tsopano kuti chachilendo muzichizindikira, monga chotupa chatsopano, bala losapola, kapena kuwawa kwa mafupa kosatha. Kujambula mawere kwa mammogram kumayambiranso patatha miyezi 6 mpaka 12, kenako chaka ndi chaka, ndipo amene anapatsidwa tamoxifen kapena mankhwala ena oletsa mahomoni amamwa kwa zaka 5 mpaka 10.

Musanatsanzikane ndi a ku radiyesheni, pemphani chikalata chosonyeza mbali imene inalandira cheza, malo ake, ma gray onse ndi masiku ake, ndipo muchisunge bwino. Malo amene alandira mlingo wathunthu kawirikawiri sangalandirenso mlingo ngati womwewo, ndiye dokotala aliyense amene adzakuthandizeni pa bere, pamtima kapena pamapapo, ngakhale patapita zaka 20, adzafuna kuona manambala amenewo.